Tini wachikasu uja amapita kuti akasungunuka mu sodium sulfide?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Area 25 omwe akuphunzira kemisitiri. Akuti m'labu anapanga matope achikasu a SnS2 (tini wophatikizana ndi salifa), atathiramo madzi a sodium sulfide matopewo anasungunuka onse. Atadonthezeramo asidi chikasu chija chinabwerera, labu yonse n'kuyamba kununkha dzira lovunda. "Aphunzitsi angoti ndi thiostannate, tiloweze. Nanga tini uja amakhala ali kuti, ndipo amaoneka bwanji?"

Achemwali, tini sanapite kwina kulikonse. Chasintha ndi kakhalidwe kake basi. Mu SnS2 youma, atomu iliyonse ya tini imazingidwa ndi maatomu 6 a salifa, ndipo onse ndi olumikizana m'mizere yosanjikizana yopanda malire. N'chifukwa chake madzi wamba sautha. Mukathira sulfide wambiri, iye amadula malumikizano aja n'kusiya tizidutswa toima patokha: tini mmodzi, salifa anayi, chaji cha negative 4. Timalemba [SnS4]4−. Kachidutswa kachaji koteroko madzi amakanyamula mosavuta, ndipo tizidutswa totere ta tini ndi salifa ndi timene aphunzitsi anu akutitcha thiostannate.

Kuti muone maonekedwe ake, pitani pa msika wa Wakawaka mukayang'ane momwe amayi amaikira mulu wa tomato: atatu pansi, mmodzi pamwamba. Amenewo ndiwo masalifa anayi. Tini amakhala m'kampata kali pakati pa anayiwo, pa mtunda wa pafupifupi 2.4 angstrom kuchokera kwa aliyense (angstrom ndi gawo limodzi mwa magawo 10 biliyoni a mita), ndipo ngodya zake zimayandikira madigiri 109.5. Ameneyu ndiye tetrahedron, ndipo nkhani yonse ya timagulu ta tini ndi salifa ndi ya mmene timiyulu timeneti timagwiranirana.

Mukatsitsa pH pang'ono, timiyulu tiwiri timataya salifa wina n'kuyamba kugawana wotsalayo. Tikagawana salifa mmodzi pansonga, mwapeza [Sn2S7]6−. Tikagawana awiri, ndiye [Sn2S6]4−, yomwe imapezeka kwambiri. Tikakhala tinayi pamatuluka [Sn4S10]4−, ndipo apa mulu uja wangokula: 6 pansi, 3 pakati, 1 pamwamba, onse pamodzi 10, matini anayi atabisala m'mipata, pakatikati penipeni pali pululu. Mulu wotsatira ndi wa 20, ndipo uliponso: [Sn10O4S20]8−, kungoti uwu umafuna maokosijeni anayi mkati kuti uchirikizike. Asidi akachuluka, kulumikizanako sikuimanso, mumabwerera ku SnS2 wachikasu, salifa wotsala n'kutuluka ngati mpweya wa H2S. Fungo munamva lija ndi limeneli.

Amene anaunika bwino timaguluti ndi Bernt Krebs ndi anzake ku Germany m'zaka za m'ma 1970. Anakolola mchere wa Na4SnS4 ndi Na4Sn2S6 kuchokera m'madzi, uliwonse uli ndi mamolekyu 14 a madzi, n'kuuyeza ndi X-ray. Njira yawo ndi yomwe inu mwachitayo, kungoonjezera kudikira kuti ma crystal amere.

Salifa ali ndi abale ake m'gulu la 16 la pa periodic table, selenium ndi tellurium, ndipo nawonso amapanga timagulu tofanana. Mukamatsika m'gulumo maatomu amakula, mtundu n'kumadera: za salifa zimakhala zoyera kapena zachikasu, za selenium zimapita ku olenji ndi kufiira, za tellurium zimafika pakuda. Izi zomalizazi zimadana ndi mpweya wamba, choncho amazipanga motseka, mu argon. Kawirikawiri amatenthetsa potaziyamu, tini ndi tellurium pamodzi, kenako n'kusungunula chotulukacho mu ethylenediamine, mankhwala amadzimadzi a m'gulu la amine (abale a ammonia).

Njira ina ndi ya solvothermal. Mumaika ufa wa tini, salifa ndi amine m'kachitini kachitsulo kokutidwa ndi Teflon mkati, n'kumanga zolimba, n'kuika mu uvuni pa madigiri a pakati pa 100 ndi 200 kwa masiku angapo. Chimene ine chimandisangalatsa apa n'choti cation, kachidutswa ka chaji cha positive monga sodium, yemwe m'mabuku timangomulemba kutsogolo ngati wongoperekeza, ndiye amalamula. Musinthe kukula kwake, chotuluka chisinthanso. Tini naye ndi wosakhazikika poyerekeza ndi mnzake germanium: amalola kuzingidwa ndi masalifa 5 kapena 6, motero m'malo mwa kagulu kotsekeka nthawi zambiri mumapeza mizere yaboowa ngati [Sn3S7]2−. Gulu la Stefanie Dehnen, ali ku Marburg, linagwiritsa ntchito mchere wamadzimadzi m'malo mwa madzi, ndipo mu 2012 linalengeza [Sn36Ge24Se132]24−, mpira wa maatomu 192 womwe anautcha zeoball.

Mwina mukuti, nanga zonsezi n'zantchito yanji? Gulu la Mercouri Kanatzidis ku Northwestern University linapanga KMS-1, ya potaziyamu, manganese, tini ndi salifa, yomwe imayamwa strontium ndi caesium m'madzi oipitsidwa ndi zinyalala za nyukiliya. Mu 2009 Maksym Kovalenko ndi Dmitri Talapin anaonetsa kuti [Sn2S6]4− ikhoza kukuta tinthu ta nanocrystal (ma crystal aang'ono kwambiri osaoneka ndi maso) kuti magetsi azidutsa bwino pakati pake. Ndipo Li4SnS4, yomwe ndi tetrahedron yomwe ija ili ndi lithium, ikufufuzidwa pa mabatire opanda madzi mkati, chifukwa imapirira chinyontho kuposa anzake okhala ndi phosphorus.

Ngati mukufuna kuyesanso, musathire asidi. Sungunulani SnS2 mu sodium sulfide, sefani, gawani m'timabotolo tiwiri, m'kena mudonthezeremo ethanol pang'onopang'ono, kenako musiye pozizira muone ngati ma crystal amera. Kudziwa kuti mwapeza [SnS4]4− kapena [Sn2S6]4− ndi maso sikutheka, pamafunika makina a X-ray kapena NMR ya tini-119, ndiye aphunzitsi anu akuuzeni kotumiza. Ndipo zonsezi muchitire mu fume hood, kabati ya m'labu yokoka mpweya woipa n'kuutulutsira kunja. H2S ndi poizoni, ndipo akachuluka amafoola mphuno moti mumasiya kumumva pomwe iye akadali m'chipindamo.