Geni ya mamota a haidiroliki: yankho kwa achimwene a ku Luchenza

Achimwene, mwafunsa kuti geni yobweretsa mamota ndi mapampu a haidiroliki (oyendera mphamvu ya oyilo wopanikizidwa) a makina okumbira imayenda bwanji, komanso ngati mpamba womwe mwapeza pogulitsa zitenje pa Limbuli ungakwane. Katundu ameneyu sitioda kaye n'kumadikira wogula. Mota yoyendetsa tcheni cha ekisikaveta ya matani 20, yomwe amakaniko amati final drive, imalemera makilogalamu oposa 200. Ikapanda kukwana pa makina a mwini wake, ndiye kuti mwadzigulira chitsulo choti chizingokhala pakhonde.

Ndiye ntchito imayambira pomwe makinawo afera, kaya ndi kukwale, kumsewu wopita ku Thekerani kapena ku esiteti ya tiyi. Pitani nokha. Wina akakuimbirani kuti “ndi Cat 320” kapena “ndi Komatsu PC200”, dzina lokhalo silikwanira, chifukwa mtundu umodzi uli ndi mibadwo ingapo, ndipo makina ambiri kuno anabwera atagwira kale ntchito kunja, ena atasinthidwa ziwalo. Jambulani nambala ya makina ndi kachitsulo ka nambala kali pa motayo. Werengani mabowo a mabauti, muone pomwe mapaipi akulowera, ndipo ngati ndi pampu, muwerenge mano a shafiti. Pampu ya Kawasaki K3V112 imapezeka m'makina a makampani angapo, koma choyiwongolera chake chimasiyana. Poyang'ana mungati n'chimodzimodzi, kuimanga ikukana.

Funso lomwe limasiyanitsa wogulitsa ndi wongonyamula ndi ili: chaipha n'chiyani? Mota siifa yokha kawirikawiri. Mkati mwake mapisitoni amatsetsereka pa kaoyilo kopyapyala kwambiri, mphamvu ya oyiloyo ikufika mabaa 300 kapena kuposa (baa ndi muyeso wa kupanikizika). Kamchenga kamene diso silingaone kamakanda zitsulozo, oyilo amayamba kuthawira mkati, makina amafooka akatentha, kapena poyenda amakhotera mbali imodzi. Uzani makaniko atsegule fyuluta inu mukuona. Mukapeza tizitsulo tonyezimira, dziwani kuti zinyenyeswazo zafika kale mu thanki, m'mapaipi ndi mu kula, choziziritsa oyilo. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Kuno ku Mulanje ndi mvula yathuyi, ndiponso mmene amasungira madiramu panja chotsekera chili m'mwamba, zimenezi n'zosadabwitsa. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, makina ankagwira ntchito m'matope ndi m'mitsinje usana ndi usiku, ndipo ambiri anadwala matenda omwewa: matope kudya silo (chotchinga kuti oyilo asatuluke) ya final drive, oyilo wa magiya kutayika, woyendetsa osadziwa mpaka magiya kulira.

Ine sindigulitsa mota kwa munthu wokana kutsuka thanki, kusintha mafyuluta ndi kuthira oyilo watsopano. Ena amakwiya, amati ndikufuna kuwadyera kawiri. Koma mukamanga yatsopano pa oyilo wakuda, imafa msanga, ndipo mlandu umagwera inu kuti munabweretsa feki. Ndimaumiriranso kuti aidzaze oyilo mkati asanalize injini, apo ayi mphindi zoyambazo imazungulira youma. Oyilo wake akhale wa haidiroliki, nambala 46 kapena 68 monga buku la makinawo likunenera, osati wa injini wotsala m'chigubu.

Tsopano za njira. Chipata cha Muloza chili pakhomo pathu, koma ku Milange simukapezako katundu wotere. Wambiri timakatenga ku Joni, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Zolemera timakweza malole, zing'onozing'ono ngati masilo zimabwera pa basi. Za ku China ndi Dubai n'zotsika mtengo koma zimabwera pa sitima kudzera ku Beira kapena Nacala, ndipo kontirakitala yemwe makina ake angokhala sangadikire miyezi. Pamsika pali mitundu itatu: yeniyeni ya kampani, yopangidwa ndi makampani ena, ndi yakale yokonzedwanso. Yokonzedwayo musatenge popanda pepala losonyeza kuti anaiyesa pa benchi, makina oyesera mamota ndi mapampu. Penti watsopano asakunamizeni.

Pa msonkho anthu amagwa m'mbuna imodzi. Amamva kuti katundu wa m'mayiko a SADC ali ndi chipepukitso cha msonkho, n'kuiwala kuti chimayendera komwe chinthu chinapangidwa, osati komwe mwachigula. Pampu yopangidwa ku Japan kapena ku Korea siisanduka ya ku South Africa chifukwa mwaigula ku Johannesburg. Pezani ajenti woombola katundu pa chipata wovomerezeka ndi MRA, mum'patse invoisi yoona, akuwerengereni msonkho ndi VAT musananyamuke. Kuchepetsa mtengo pa invoisi kumangochititsa kuti katundu agwidwe, uku kasitomala akuimba foni osaleka.

Chomwe chimatisowetsa tulo masiku ano ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene analonjeza mtengo wa m'makwacha asanagule marandi anagwira ntchito yaulere. Mtengo wanga umakhala wa masiku ochepa, ndipo sindinyamuka popanda dipoziti yokwanira kugula katunduyo. Zoti “tidzalipira atilipira a polojekiti” muzikana mwaulemu, ngakhale akhale amalume anu.

Kunena za mpamba wanuwo, pa mamota akuluakulu sukwana, ndipo musakatengere ngongole zimenezi. Yambani ndi zomwe zimatha tsiku ndi tsiku: masilo a masilinda, mafyuluta, mapaipi ndi mitu yake, ndi timamota tating'ono ta mtundu wa Danfoss OMP ndi OMR tomwe timagwira pa zida za m'minda ndi m'mafakitale. Gwirizanani ndi makaniko mmodzi wodziwa haidiroliki, kaya wa pa Chitakale kapena wa ku Limbe, muziyenda naye akamakatsegula makina. Oda yoyamba ya mota yaikulu ikakupezani, munditumizire zithunzi za manambala tione limodzi musanalipire.