Amayi a ku Chalala, musathire laimu musanayese dothi lanu

Mayi wina amene wamanga kumene nyumba ku Chalala, mu Lusaka muno, wanditumizira imelo. Akuti akakumba, khasu limagunda mwala lisanalowe ngakhale theka la mkono. Repu amamera koma sakula, ndipo mtengo wa mandimu womwe anabzala chaka chatha masamba ake ayamba chikasu, mitsempha yokha ndiyo yatsala yobiriwira. Aneba awo awauza kuti athire laimu. Akufunsa ngati atero, kapena angogula lole ya dothi lakuda.

Amayi, laimuyo muyambe mwamusiya. Malangizo a aneba anuwo ndi oona kumadera a mvula yambiri monga kumpoto kwa dziko lino, komwe nthaka imakhala ya asidi wochuluka. Ngakhale kuno ku Lusaka, munda womwe wathiridwa yureya zaka zambiri umatha kufuna laimu. Koma inu mwamanga pamwamba pa laimu weniweniyo. Kumwera ndi kumadzulo kwa mzinda uno, kuyambira ku Chalala ndi ku Lilayi mpaka ku Chawama, Misisi ndi Kanyama, pansi pali thanthwe la dolomite, lomwe ndi mtundu wa mwala wa laimu. Ndi miyala yoyera ija azimayi amaswa m'mbali mwa misewu. Suzumirani m'ketulo yanu ngati mumamwa madzi a borehole: zoyera zomata pansizo ndi laimu, ndipo madzi omwewo ndi amene mumathirira dimba tsiku ndi tsiku.

Laimu akachuluka m'dothi, ayironi amakhalamo ndithu koma mizu imalephera kumuyamwa. Chizindikiro chake ndi chomwe mwafotokozacho, makamaka chikamaonekera pa masamba anthete a kunsonga. Chikasu chikayambira pa masamba akale a m'munsi, tsamba lonse pamodzi ndi mitsempha yake, pamenepo vuto limakhala la nayitrojeni. Pitani mukauyang'anenso mtengowo.

Pali kuyesa kwa pakhomo komwe ndimakukonda. Tapani dothi louma pang'ono m'mbale, mudonthezerepo viniga. Likachita thovu, laimu alimo kale wokwanira ndi kupitirira. Likapanda thovu sindiye kuti ndi la asidi, apo mufunika oyesa enieni. Ku Mount Makulu, malo ofufuzira za ulimi a ku Chilanga, amayesa dothi, ndipo kuchokera kwanuko si patali. Tengani dothi pa malo asanu kapena khumi a pulotiyo, kuya kwa masentimita 20, musakanize mu ndowa yoyera, mutapepo lokwana ngati theka la kilogalamu. Ndiwo zamasamba zambiri zimakonda pH (muyeso wa asidi m'dothi) ya pakati pa 6 ndi 7.

Tsono vuto lanu lalikulu, mmene ndikuonera ine, ndi kuchepa kwa dothi. Thanthwe la kuno silinayale bwino ngati tebulo. Pena limatulukira pamtunda, koma mukasuntha mapazi atatu mumapeza dzenje lodzaza katondo wofiira wolowa pansi kwambiri. Ndiye musanabzalenso mtengo, tengani chitsulo chosongoka muzibaya apa ndi apo, makamaka mvula ikafewetsa nthaka. Pomwe chitsulo chalowa osagunda mwala, ikani chizindikiro: amenewo ndi malo a mandimu, mapeyala kapena mango. Katondo ameneyu musamunyoze. Amasunga madzi ndi chakudya cha mbewu kuposa mchenga, kungoti akauma amalimba ngati njerwa chifukwa alibe manyowa.

Pomwe mwala uli pafupi, lekani kulimbana nawo ndi piki. Kwezani mabedi m'mwamba, masentimita 30 kapena kuposerapo, muwatchinge ndi miyala yomwe mwafukulayo. Repu, chainizi, anyezi ndi bonongwe mizu yake siipita patali, zimakhutira ndi dothi lotere. Mabedi okwera amathandizanso mu Januwale ndi Febuluwale, pamene madzi apansi amakwera n'kudzaza mabwalo, monga amadziwira bwino anzathu a ku Kanyama.

Za dothi lakuda la pa lole, pano ndilankhule mosabisa, chifukwa ine linandipweteka. Ndinagulapo lole yathunthu ndikuganiza kuti kuda ndiye chonde. Linali makande a kudambo. Nditathirira linamata ngati phula, litauma linang'ambika ming'alu yolowa chala, ndipo linabwera ndi udzu womwe ndinauzula zaka ziwiri. Si onse ogulitsa otero ayi, koma musalipire musanaligwire. Nyowetsani pang'ono, mulifinye m'manja. Likaumbika ngati dongo la mbiya, libwezeni. Labwino limagwirana pang'ono, mukalikhudza n'kumwazika, ndipo limanunkhira ngati pansi pa mtengo m'thengo.

Ndalama ya loleyo ine ndikanagulira manyowa. Zitosi za nkhuku sizisowa mu Lusaka muno, oweta ali paliponse. Koma zatsopano zimawotcha mbewu, ndipo zambiri zimabwera ndi utuchi womwe umayamba walanda nayitrojeni usanawole. Ziunjikeni pamthunzi pamodzi ndi masamba ndi makoko a kukhitchini, muzinyowetsa ndi kutembenuza kwa miyezi iwiri kapena itatu. Masamba amene timasesa n'kutentha m'mawa uliwonse aja, amayi, ndiye chakudya cha dothi lanu. Koma phulusa musathire, chifukwa limagwira ntchito ngati laimu yemweyo.

Mukabzala, phimbirani mabediwo ndi udzu wouma. Kuno mvula ikasiya mu Epulo timadikira mpaka Novembala, ndipo dzuwa la Okutobala limaumitsa dothi losaya tsiku limodzi. Mandimu aja, ngati chitsulo chikusonyeza kuti akhala pamwala, adikireni mvula ikhazikike mu Disembala, muwazule ndi dothi lake lonse, mukawaike pa dzenje la katondo lomwe mwapeza. Zotsatira za ku Mount Makulu zikatuluka munditumizire, tidzaone limodzi ngati pakufunika fetereza ndi wamtundu wanji.