Kodi nyimbo za m'boti zimathamangitsa nsomba?

Mmodzi mwa owerenga wandilembera pa imelo kuti amakonda kumvera nyimbo akamawedza, koma mnzake amene amakwera naye boti amadandaula kuti phokosolo likuthamangitsa nsomba, moti tsiku limene abwerako chimanjamanja mlandu wonse umagwera sipika. Akufuna kudziwa amene akulondola pa awiriwa. Yankho langa kwa inu, owerenga, ndi lakuti mnzanuyo ali ndi mfundo ndithu, ngakhale kuti vuto lalikulu lili pa malo amene mumaika sipikayo.

Zoti nsomba zimamva nzosakayikitsa. Zilibe makutu oonekera kunja, koma m'mutu mwake muli makutu okhala ndi timiyala tating'ono timene timazithandiza kuzindikira phokoso, ndipo m'mbali mwa thupi muli kamzere kamene kamamva kugwedezeka kwa madzi chapafupi. Mu 1923 wasayansi Karl von Frisch anafotokoza momwe anaphunzitsira mtundu wina wa mlamba kutuluka pobisala pake akauimbira likhweru. Mlamba ndi nsomba zina za m'gulu lake zimamva bwino kuposa zinzake chifukwa zili ndi timafupa tolumikiza kathumba ka mpweya ka m'mimba ndi khutu, pamene nsomba zambiri zimamva makamaka mawu a besi, osapitirira kwenikweni ma hertz 1,000 (hertz ndi muyeso wa kunjenjemera kwa mawu pa sekondi imodzi). M'madzi phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, mumpweya mamita 340 okha.

Komabe phokoso lochokera mumpweya limavutika kwambiri kulowa m'madzi, pakuti likagunda pamwamba pa madzi pafupifupi lonse limabwerera, ndipo limene limalowa ndi kagawo kamodzi kokha mwa magawo pafupifupi 1,000. Nchifukwa chake asodzi amacheza ndi kuseka m'boti nsomba zikudyabe nyambo. Njira imene phokoso limalowera mosavuta ndi thupi la botilo, limene limagwira ntchito ngati ng'oma yokhudzana ndi madzi. Mukaika sipika pansi pa boti, makamaka la aluminiyamu, besi imanjenjemeretsa chitsulocho, chitsulocho nkunjenjemeretsa madzi, ndipo mawu amenewo ndi omwe aja nsomba zimamva bwino koposa. Tsiku lina mudzayese kugunditsa chikhatho pansi pa boti nyimbo ikulira; ngati dzanja likumva kunjenjemera, dziwani kuti nsomba zimene zili pansi panu zikukumvanso. Kugwetsa pulayala, kukoka bokosi la mbedza kapena kuponya nangula mwamphamvu kumadzidzimutsa nsomba kuposa nyimbo yotsika, popeza phokoso ladzidzidzi ndilo limaziopsa kwambiri.

Choncho ikani sipikayo pa nsalu yopindapinda kapena muipachike pamalo posakhudza thupi la boti, muchepetse besi, ndipo voliyumu ikhale yoti mukhoza kulankhulana osakweza mawu. Pa madzi akuya, kapena pamene mukukoka nyambo injini ikulira, nyimbo yotere siwonjezera kanthu koopsa. Pa madzi osaya ndi odikha, pamene nsomba zili mita imodzi kapena awiri pansi pa boti, ine ndimalangiza kuzimitsiratu, ndipo pamenepo mnzanuyo mumumvere.

Pali china chimene simunafunse koma chimandidetsa nkhawa kuposa nsombazo. Anthu ambiri akadzudzulidwa za sipika amathamangira kuvala mahedifoni, poganiza kuti athetsa mkangano. Pamadzi makutu ndi chida chotetezera moyo, chifukwa nthawi zambiri injini ya boti lina lobwera chakumbuyo, kugunda kwa mabingu patali, kusintha kwa mphepo kapena kukuwa kwa munthu amene wagwera m'madzi mumayamba mwazimva musanazione, makamaka kukakhala nkhungu kapena mdima. Ngati simungathe kukhala opanda mahedifoni, valani khutu limodzi lokha, ndipo amene akuwongolera boti asavale nkomwe. Ngati wailesi yanu imatenga mphamvu ku batire lolizira injini, samalaninso kuti lingathe muli kutali ndi gombe. Sipika yokhala ndi batire lakelake ndiyo yabwino.

Muganizirenso asodzi ena amene ali pafupi. M'mamawa ndi madzulo mpweya wa pamwamba penipeni pa madzi umakhala wozizira kuposa wa m'mwamba, ndipo zimenezi zimapindira phokoso m'munsi moti limafika patali kwambiri, kotero nyimbo imene inu mukuiona ngati yotsika imamveka bwinobwino m'maboti a anthu amene sanaisankhe. Munthu woyamba kumufunsa musanayatse ndi mnzanu amene mwakhala naye m'boti limodzi, ndipo mwina mungagwirizane kuti nyimbo zizilira popita, pobwerera ndi pa nthawi yopumula, koma zizikhala zozima mbedza zikakhala m'madzi osaya.