Kodi wakabaza wa khungu lakuda angadwale khansa ya pakhungu?

Bambo wina wopalasa kabaza ku Dedza wandilembera pa imelo. Akuti amakhala pachishalo kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo anamva pawailesi kuti dzuwa limayambitsa khansa ya pakhungu. Akufunsa kuti: "Kodi zimenezi si za azungu okha? Komanso mng'ono wanga, yemwe ali ndi khungu la chialubino, akufuna ndimugulire njinga kuti naye ayambe ntchitoyi. Ndimulole?"

Achimwene, ndiyambe ndi za inuyo. N'zoona kuti khungu lakuda lili ndi chitetezo chachibadwa, ndipo khansa yobwera ndi dzuwa siigwira anthu akuda kawirikawiri ngati mmene imagwirira azungu. Koma chitetezocho sichokwanira ayi. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ife timachedwa kupita kuchipatala poganiza kuti matendawa si athu, ndiye pamene dokotala akuwaona amakhala atalowerera kale.

Choononga khungu si kutentha kumene mumakumva. Ndi cheza china cha dzuwa chosaoneka ndi maso, chimene madokotala amachitchula kuti UV. Apa m'pamene inu a ku Dedza mumanyengeka. Kamphepo kozizira kamakupemererani mukamatsetsereka ndi njinga, inu n'kumaona ngati dzuwa lafooka, chikhalirecho kumalo okwera cheza chimenechi chimakhala champhamvu kuposa kuchigwa, chifukwa chimaonjezereka ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera. Mitambo yopyapyala nayo siichitchinga. Nthawi yoopsa kwambiri ndi kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana. Wotchi siyofunika kwenikweni: mukaona chithunzithunzi chanu pansi chafupika kuposa msinkhu wanu, dziwani kuti dzuwa lafika poluma.

Sindingakuuzeni kuti muziimika njinga masana onse, popeza ana ayenera kudya. Koma taganizani mmene mumakhalira popalasa. Mwaweramira kutsogolo, khosi lakumbuyo lili pamtetete, makutu ali poyera, kunja kwa manja kwayang'ana kumwamba pa mahandulo tsiku lonse. Malo amenewa ndiwo oyamba kuwaphimba. Malaya a mikono yaitali okhala ndi kolala, a nsalu yothithikana, mungawapeze pakaunjika. Muwaunike padzuwa musanagule, ndipo ngati kuwala kukudutsa mosavuta, asiyeni. Kapusi imateteza chipumi chokha. Chipewa chakhonde chokhala ndi chingwe chomangira kuchibwano ndicho chimaphimba makutu ndi khosi. Ngati mumavala helemeti, ikani kansalu mkati kuti kazilendewera kumbuyo. Ndipo podikira makasitomala pasiteji, imani pamthunzi. Zimenezo sizilira ndalama.

Mafuta oteteza khungu kudzuwa ndi okwera mtengo, sindibisa. Mukawapeza, sankhani olembedwa SPF 30 kapena kuposerapo, mudzole malo okhawo amene zovala sizikufika, mphindi 20 musanatuluke. Thukuta limawatsuka, choncho amafunika kudzolanso pakatha maola awiri. Vaselini sateteza kudzuwa ngakhale pang'ono.

Maso musawaiwale. Dzuwa limafulumizitsa ng'ala, komanso limathandizira khansa ina yomera pa choyera cha diso, imene kuno kwathu imaoneka kwambiri mwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Kanyama koyera kakamera m'diso n'kumakula, pitani akakuoneni a zamaso. Magalasi olembedwa UV400 ndi othandiza, ndipo amatchinganso fumbi.

Pali khansa ina yoopsa, dzina lake melanoma, imene mwa anthu akuda imakonda kubisala kumene dzuwa silifikako n'komwe: kuphazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo. Woimba wa ku Jamaica uja, Bob Marley, anamwalira nayo mu 1981 ali ndi zaka 36, ndipo inayambira pachala chakuphazi. Choncho posamba madzulo, tembenuzani phazi muliyang'ane bwinobwino. Kadontho kakuda kamene kakukula, kakusintha maonekedwe kapena kakutuluka magazi si kongokanyalanyaza. Chimodzimodzinso chilonda chimene chatha mwezi osapola, makamaka chikabuka pachipsera chakale cha moto.

Tsopano za mng'ono wanu, ndipo apa ndilankhula mosapsatira. Khungu lake lilibe chitetezo chimene inu muli nacho. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu achialubino oposa 134,000, ndipo khansa ya pakhungu ndiyo imodzi mwa nthenda zimene zimawatenga ambiri akadali achinyamata. Imayamba mwakachetechete. Khungu limafiira, kenako pamatuluka timalo tokhakhala ngati nkhanambo pakhutu, pamlomo, pakhosi kapena pamkono. Nkhanamboyo imachoka n'kubwereranso, mpaka tsiku lina pasanduka chilonda chosapola. Timalo timeneti tikapezeka msanga amatha kutiwotcha ndi mankhwala ozizira kwambiri kapena kutidula, munthu n'kuchira. Tikachedwa, nkhani imakhala ina.

Maganizo anga ndi akuti kabaza wa tsiku lonse si ntchito yomuyenera, ndipo maso a anthu ambiri achialubino amavutika ndi kuwala komanso saona bwino patali, zomwe pamsewu wa M1 n'zoika moyo pachiswe. Koma musangomukaniza n'kumusiya manja ali m'khosi. Iye ndi munthu wamkulu amene akufuna kudzidalira, ndipo ayenera kumva zifukwa zake, osati kungolamulidwa. Khalani naye pansi. Ndalama ya njingayo ingathe kukhala mpamba wa kagolosale, kapena yogulira zipangizo zokonzera njinga pansi pa shedi. Anzanu apasiteji omwewo ndiwo angakhale makasitomala ake oyamba.

Akaumirira kupalasa, azichita m'mamawa ndi chakumadzulo basi, atavala thalauza, malaya a mikono yaitali, chipewa chakhonde ndi magalasi, ndipo azidzola mafuta a SPF 50 tsiku lililonse, ngakhale kuli mitambo. Mupite naye kuchipatala cha boma akafunse za mafutawa, popeza amaperekedwa kwaulere kwa anthu achialubino akakhalapo, ndipo bungwe lawo la APAM lingamuuze masiku amene a zakhungu amabwera m'boma lanu. Akamuunike thupi lonse miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Kumbuyo kwa khosi ndi kuseri kwa makutu sangadzione yekha, ndiye kumeneko muzimuyang'ana ndinu.