Bainokyula ya blc 7x50 yopanda lamba ndi chivindikiro, yankho kwa achimwene a ku Scotland

Sabata yathayi ndalandira imelo ndi zithunzi kuchokera kwa achimwene ena amene akukhala ku Scotland, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditero. Akuti Lamulungu lina anapita pa kaunjika wa azungu uja amagulitsira katundu kumbuyo kwa galimoto, nkupezapo bainokyula yakuda yolemera bwino, yolembedwa 7x50 ndi blc, pali ka M, pamwamba pake pokalika ngati munthu anapalapo ndi fayilo, kenako N ndi manambala. Ilibe lamba, ilibe chikwama, kakapu ka diso limodzi kanasowa, chivindikiro cha kumaso kulibenso. Ndiye akufunsa ngati ndi yeniyenidi ya asilikali apamadzi a Germany a nkhondo yachiwiri ija, komwe angapeze zosowazo, komanso ngati angaipenteko kuti iwale.

Achimwene, za pentizo ndiyankhiretu, ayi chonde musayerekeze. Penti yakutha ija ndiye umboni wake, mukaipaka yatsopano mwaigwetsa mtengo komanso aliyense wodziwa zinthuzi ayamba kukayikira kuti mukubisa chani pansipo.

Tsopano zolembedwazo. blc si dzina la kampani yachilendo iyayi, ndi Carl Zeiss ya ku Jena. Nkhondo itakula cha m'ma 1940 aja Majeremani anasiya kulemba mayina a mafakitale pa zida, nkumaika zilembo zitatu kuti adani asadziwe komwe zikupangidwa. Zeiss inali blc, kumapeto kwa nkhondo inasintha nkukhala rln. Leitz ya ku Wetzlar, eni ake a makamera a Leica aja, inali beh, Hensoldt bmj, Busch ya ku Rathenow cxn, Swarovski cag. Ka M kaja ndi Marine, kutanthauza asilikali apamadzi, ndipo pamene panapalidwapo panali chiwombankhanga chitagwira chizindikiro cha Anazi. Zambiri anazipala nkhondo itatha, ndipo mpaka lero ku Germany lamulo limaletsa kuonetsa chizindikirocho poyera, ndiye musadabwe. N ndi Nordsee, gulu la asilikali apamadzi a ku nyanja ya North Sea, likulu lake linali ku Wilhelmshaven, ikanakhala O bwenzi tikuti Ostsee, la ku nyanja ya Baltic, likulu lake ku Kiel. Pazithunzi zanu zonsezi zikugwirizana. Koma ndikuchenjezeni, pali akamberembere amene amatenga 7x50 wamba yolembedwa Dienstglas, kutanthauza bainokyula ya pantchito ya usilikali, nkuizokota ka M ndi chiwombankhanga kuti mtengo ukwere. Tengani galasi lokuzira muyang'ane mkati mwa zilembozo, ngati chitsulo chikuwala mbee pamene zilembo zina zonse zinada ndi ukalamba, ndiye kuti wina anasewerapo dzulodzuloli. Mwamwayi wanu munthu wachinyengo sangazokote chiwombankhanga kenako nkuchipalanso, angakhale akudzibera yekha.

Kuti ipezeke ku Scotland sizodabwitsa olo pang'ono. Mu 1945 sitima zoyenda pansi pa madzi zija, ma U-boat, zambiri zitagonja zinasonkhanitsidwa ku Loch Ryan komweko ndi ku Lisahally ku Northern Ireland, ndipo 116 mwa izo anakazimiza dala m'nyanja pa zomwe ankazitcha Operation Deadlight. Asilikali apamadzi a Britain sanali opusa, bainokyula za Zeiss ankazidziwa kukoma kwake ndiye zambiri zinathera m'zikwama mwawo ngati chikumbutso. Munthu akutenga chinthu mothamanga chonchi samafunsa kuti kodi mafyuluta ake ali kuti. Apa mpomwe vuto lanu linayambira, zaka 80 zapitazo. Komatu sindikunena kuti yanuyo inachoka mu U-boat, aliyense wogulitsa amakonda kunena choncho. Za mu U-boat zenizeni zimaoneka mosiyana, thupi lonenepa, mphira wochindikala kumapeto, ndipo simungapotokole kumaso ndi dzanja kuti muone bwino, ankachita kutchera ndi sikuludiraiva nkusiya pomwepo kuti madzi asalowe. Yanuyo ikupotokoka diso lililonse palokha, ndi ya pa sitima wamba kapena ya kugombe, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Mwina mumadabwa kuti bwanji asilikali apamadzi ankakonda 7x50 yokhayokha, yokuza zinthu ka 7 ndipo magalasi akutsogolo ndi a mamilimita 50. Gawani 50 ndi 7 mupeza 7 ndi kakanyenyeswa, ndiwo mamilimita a kuwala kumene kumatuluka kumaso, ndipo kamwana ka diso la mnyamata mumdima kamatseguka pafupifupi chomwecho. Ndiye usiku panyanja sitima ikugwedezeka mlonda amaonabe. Onjezani utoto wopyapyala uja wa pa magalasi, wothandiza kuti kuwala kochuluka kudutse, umene Alexander Smakula anatulukira ku Zeiss mu 1935, womwe anausunga ngati chinsinsi cha asilikali. Mukaona galasi likunyezimira mobiriwira kapena ngati papo, kapena pali chilembo T, ndi umenewo. Utoto wa nthawi imeneyo ndi wofewa kobasi. Ine yanga yoyamba ndinaipukuta mkati ndi kansalu ndili ndi changu cha mwana wopeza chidole, utoto unachoka ngati fumbi, mpaka pano ndikaiyang'ana mtima umandipweteka.

Tibwere ku zosowazo. Chinthu chimene anthu ambiri amachisaka ndi chivindikiro cha kumaso chotchinga mvula, chimene osonkhanitsa amangochitcha Benutzer chifukwa cha mawu olembedwa pamwamba pake. Benutzer ndiye kuti wogwiritsa ntchito, pamakhala malo olembapo mwini wake, ndiye pansi pake mawu akuti Okulare festgestellt, nicht verdrehen, kutanthauza kuti kumasoku ndatchera kale osapotokola. Ndimawakonda mawu amenewa, akungokhala ngati munthu wolemba dzina pa kapu yake ku ofesi. Choyambirira chenicheni nchosowa ndipo chimadula, pamene zopanga masiku ano zadzadza pa intaneti. Ineyo ndinagulapo china kwa munthu wina amene analumbira kuti ndi orijino, chitafika ndinangotsegula phukusi fungo la tayala latsopano lija fwee m'nyumba monse. Mphira wa zaka 80 sununkha choncho, umakhala wouma, wong'alukang'aluka timizere ting'onoting'ono, pena umathetheka ukaupinda.

Ndiye maganizo anga ndi awa, ndipo ena atsutsa. Gulani chopanga chatsopanocho mukudziwa kuti nchatsopano, pa mtengo wa chatsopano, chiteteze magalasi anu, basi. Lamba chimodzimodzi. Lamba wachikopa wa 1943 ngakhale mutamupeza musakolekere bainokyula yolemera kupitirira kilo imodzi m'khosi mwanu, adzaduka tsiku limodzi ndipo maprizimu, magalasi okhotetsa kuwala aja, akasuntha mkatimo muzidzaona zinthu ziwiriziwiri. Wakaleyo amakhala wa m'kabati. Chimene sindifuna ine ndi munthu kuphatikiza zatsopano ndi zakale kenako pogulitsa nkukhala chete.

Kakapu ka diso nkosavutirapo koma yezani kaye. Masulani kotsalako, muyeze kukula kwake ndi mazinga ake bwinobwino, chifukwa 7x50 ya Zeiss ndi ya Leitz sizibwerekana zinthu, ngakhale za Zeiss zokhazokha zinasinthasintha m'kati mwa nkhondo. Njira imene imandithandiza ine ndi kugula bainokyula ina yakufa ya mtundu womwewo, yosweka magalasi imene aliyense akuinyoza, nkuchotsako timakapu ndi timasikuluu. Nthawi zambiri imatchipa kuposa kugula kachidutswa kamodzikamodzi.

Mafyuluta ndi timagalasi tamitundu tovekera kumaso, todera tochepetsa kunyezimira kwa dzuwa pamadzi ndi tachikasu ta nthawi ya nkhungu. Timasowa chifukwa ndi tating'ono, ndipo nthawi zina timapezeka tili m'kathumba ka mkati mwa chivindikiro cha chikwama, ndiye mukaona chikwama chopanda kanthu pamsika pisanimo dzanja musanachisiye. Chikwamacho onani ngati bainokyula ikulowa osakakamiza, ndipo musavutike kusaka cha manambala ofanana ndi yanu, zimenezo zinasiyana kalekale. Za ma beh zija zilinso ndi timabotolo ta mankhwala oyamwa chinyezi tolowetsa m'thupi mwake, koma pazithunzi zanu sindikuona malo ake ndiye izo zisakudyereni ndalama.

Kosaka, poti muli ku UK komweko muli pabwino kuposa ife. Pitani ku misika ya zinthu zakale za nkhondo imene imachitika kumeneko, ndi kumaokushoni ang'onoang'ono a m'matauni komwe amagulitsa katundu wa m'nyumba za anthu omwalira, mumabokosi a zosakanizika muja ndi momwe mumabisala zinthu. Pa eBay ya ku Germany lembani m'chilankhulo chawo, Regenschutzdeckel ndiye chivindikiro cha mvula, Augenmuschel kakapu ka diso, Köcher chikwama, Trageriemen lamba. Mukalemba m'Chingerezi mukumana ndi mitengo ya alendo. Funsani zithunzi za mbali zonse, wokana kutumiza musiyeni.

Chinanso, mwati mukufuna kudzabwera nayo kumudzi pa Disembala kuti mukaonere mbalame ku Liwonde. Bwerani nayo, ikagwira ntchito bwino kwambiri madzulo dzuwa likulowa pa Shire paja. Koma Disembala ndi dzinja, chinyezi chake chimameretsa chuku mkati mwa magalasi ndipo chuku chikakhalitsa chimadya galasilo osachokanso. Musaitsekere m'chikwama chachikopa, muziisunga m'kontena yotseka bwino ndi timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo mundege ikhale m'chikwama cha m'manja. Munditumizirenso chithunzi cha nambala yaitali ija ili pafupi ndi blc, pachithunzi choyamba chala chanu chinaiphimba.