Mulungu timamudziwa ndi zimene amachita

Achimwene, mwafunsa ngati munthu angathe kudziwa chimene Mulungu ali mwa Iye yekha. Ine ndikuti ayi. Mulungu timamudziwa kudzera m'ntchito zake, koma chimene Iye ali mwa Iye yekha, nzeru zathu sizifikako. Izi sizikutanthauza kuti sitimudziwa n'komwe. M'zaka za m'ma 300, bishopu Basil wa ku Caesarea anatsutsana ndi Eunomius, amene ankati munthu angathe kumudziwa Mulungu mmene Mulunguyo amadzidziwira. Basil anati ntchito za Mulungu zimatsika kudzatipeza, koma umulungu wake weniweniwo sitiuyandikira. Ngakhale Mose, pa Eksodo 33, anangololedwa kuona kumbuyo kwake, nkhope ayi.

Ndipo si Mulungu yekha. Mayi anga ndimawadziwa bwino: mmene amalawirira mbandakucha kusesa pabwalo, mmene amasungira ndiwo mwana wochedwa kusukulu, mmene amakhalira duu akakhumudwa. Koma mutandifunsa chotsala mukachotsa zonsezi, ndilibe choyankha, ngakhale ndikudziwa kuti chilipo.

Mipingo imasiyana pamenepa. Akatolika amaphunzitsa kuti kumwamba tidzauona umulungu wakewo maso ndi maso, pomwe a Orthodox amati ngakhale kumeneko sitidzaufikira. Ngati funsoli likukusowetsani mtendere, kakhaleni pansi ndi abusa kapena ansembe anu amene anaphunzira zaumulungu.