Buledi wokana kufufuma mu Juni, ndi supu yomwe bambo akuti si chakudya

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Dedza. Anati: "Ana anga atatu amabwera kusukulu akunjenjemera, ndiye ndimafuna azipeza chotentha. Ndayesa kuphika buledi pambaula kawiri konse, koma amatuluka wolimba ngati njerwa. Supu nayo imangokhala madzi okhaokha, ndipo bambo a kunyumba akuti chimenecho si chakudya. Ndikulakwitsa pati?"

Amayi, manja anu alibe vuto. Chakuvutitsani ndi chisanu chomwecho chimene mukufuna kuthamangitsa. Tawuni ya Dedza ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo Juni ndi Julayi wa kumeneko si wamasewera. Yisiti ndi chinthu chamoyo. Amadya shuga wa mu fulawa n'kumatulutsa mpweya, ndipo mpweya umenewo ndi umene umafufumitsa mtanda. Kukazizira amachita ulesi. Mtanda womwe ku Nsanje ungafufume mu ola limodzi, kwanuko ungafune maola awiri kapena kuposerapo. Ndikuganiza kuti inu munkayang'ana wotchi, ola likakwana n'kuteleka. Siyani wotchiyo, muziyang'ana mtanda: ufufume mpaka ukule kawiri, ndipo mukaudina ndi chala, kadzenje kake kazibwerera pang'onopang'ono.

Pali kulakwitsa kwina kumene ambiri timachita pofuna kuthandiza yisitiyo: kumuthira madzi otentha kwambiri. Amenewo amamupha, ndipo akafa ngakhale mudikire mpaka mawa palibe chingachitike. Madzi akhale ofunda ngati osambitsira khanda. Ngati mukukayikira paketi yanu, thirani yisiti m'kapu ya madzi ofunda muli kashuga, mudikire mphindi 10. Pakapanda kuchita thovu, tayani, musawononge fulawa.

Ine ndimapanga chonchi. Makapu 4 a fulawa, omwe ndi pafupifupi theka la kilogalamu, kapaketi kamodzi ka yisiti ka magalamu 10, supuni yaikulu ya shuga, supuni yaing'ono imodzi ndi theka ya mchere, masupuni awiri a mafuta ophikira, ndi madzi ofunda kapu imodzi ndi kota. Kanyani kwa mphindi 10 zathunthu, mpaka mtanda usalale ndipo uzitamuka mukaukoka. Apa m'pamene mikono imadandaula, koma buledi wosakanya bwino amanyenyeka podula. Ikani m'beseni, vundikirani ndi nsalu yoyera, muike pafupi ndi mbaula, osati pamwamba pake, ndipo muzitembenuza beseniyo kuti mbali imodzi isapse. Ukafufuma, ufinyeni kuti mpweya utuluke, uikeni m'poto wopaka mafuta, udikirenso mphindi 40 kuti ufufume kachiwiri. Kufufuma kwachiwiriku musakudumphe.

Pophika, moto wambiri uzikhala pamwamba. Pansi siyani makala ochepa okutidwa ndi phulusa, ambiriwo muwaike pa chivundikiro chachitsulo, monga mmene timachitira ndi chigumu. Ena amaika mchenga m'poto wamkulu n'kukhazika poto wa buledi mkati mwake, ndipo zimathandizadi kuti pansi pasapserere. Pakatha mphindi 35 kapena 40 mutulutseni, mugogode kunsi kwake. Akamveka ngati kang'oma, wapsa. Ana aletseni kumudula pompo, azizire kaye pang'ono, apo ayi mkati mumamata.

Ndipo tsiku lomwe mulibe fulawa kapena nthawi, musadzione ngati mwalephera. Chigumu ndi buledi wathu ndithu. Mgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri zija zayamba madontho akuda, kamchere, kasoda pang'ono, ndi chambiko ngati chilipo. Soda sadikira kutentha ngati yisiti, amayamba ntchito akangokumana ndi chowawasa, n'chifukwa chake chigumu mumasakaniza n'kuteleka nthawi yomweyo. Kungoti dzanja lisalemere pa sodayo, chingawawe n'kuchita chikasu.

Tsopano supu. Imachita madzi chifukwa mukuiyamba ndi madzi n'kumaponyamo zinthu. Supu yabwino imayambira pa mafupa kapena pa nyemba, ndipo mwayi wanu ndi woti nyengo yozizira imafika titangokolola. Nyemba, maungu, mtedza, mbatata, zonse zili pamsika, ndipo kachewere kwanu ku Dedza ndiye kwawo.

Viikani makapu awiri a nyemba usiku wonse. M'mawa tayani madziwo, thirani ena, ziwire mwamphamvu kwa mphindi 10 kenako muchepetse moto. Mu poto wina telekani mafupa a ng'ombe, kapena mang'ina ngati thumba lalola, kuyambira m'madzi ozizira, ndipo muziyengula thovu lobwera pamwamba. Mafupa amafuna maola awiri kapena atatu pamoto wofatsa. Msuzi wa mang'ina ukazizira umagwirana, ndipo chimene chimaugwiranitsacho n'chomwe chimapatsa supu thupi lake. Kazingani anyezi mpaka afiire, osati kungowalawitsa mafuta, onjezani adyo ndi jinja, kenako tomato. Tomatoyo asakumane ndi nyemba zisanafewe, chifukwa kuwawasa kwake kumazichedwetsa kupsa. Phatikizani zonse, duliranimo dzungu ndi kachewere, ziwire mpaka dzungu lisungunuke.

Chinsinsi chothetsa madzi aja ndi mthiko. Tapani nyemba zina, pafupifupi theka, muzipote mpaka zisalale, n'kuzibwezera mu poto. Kenako sungunulani masupuni atatu a nsinjiro m'madzi pang'ono, thirani, ziwire mphindi 15 mukutakasa kuti zisagwire pansi. Mkhwani kapena mpiru wodula bwino ulowe kumapeto penipeni. Mukaimika supuni pakati n'kuchedwa kugwa, mwafika. Mafupa akasowa, nyemba, dzungu ndi nsinjiro pazokha zimakwana.

Za bambowo, ine sindingalimbane nawo. Munthu amene anakula akudziwa kuti kudya ndi nsima sangasinthe chifukwa cha mbale imodzi, ndipo sakulakwa. Supu ndi buledi zikhale za ana pobwera kusukulu ndi za m'mawa kukali mbuu. Madzulo phikani nsima monga mwa masiku onse, supu yomweyo muiphwetse pang'ono ikhale ndiwo. Nyemba zotendera za mafupa palibe bambo angazikane.

Chimodzi chokha ndikupempheni ndi mtima wonse, poti ndakuuzani kuti mtanda uzikhala pafupi ndi mbaula. Musalowetse mbaula m'chipinda chotseka mazenera, ngakhale kuzizire chotani, ndipo isagone m'nyumba usiku. Makala amatulutsa mpweya wakupha womwe suoneka komanso sununkha. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, ndipo munthu amene ali m'tulo sadzuka n'komwe. Phikirani pakhonde kapena m'khitchini yopita mphepo. Ngati kunjako kukuzizira kwambiri moti mtanda sungafufume, tenthetsani madzi, muwathire mu poto, mukhazike beseni ya mtanda pamwamba pake, mufunditse bulangete n'kulowa nazo m'nyumba, mbaula itsale panja.